Ululu wa pansi pa chala chachikulu: yankho kwa wakabaza wa pa Nchalo

Funso: "Adokotala, ndine bambo wa zaka 34, ndimapalasa kabaza pa Nchalo. Patha miyezi itatu phazi langa lamanja likupweteka pansi, pakamnofu kotukuka kaja pamene chala chachikulu chimayambira. Sindinagwe, sindinabayidwe ndi minga, bala palibe. Zinayamba pang'onopang'ono nthawi imene ndinkatuta matumba a chimanga. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, koma ndikapalasa mpaka masana ndimachita kutsimphina. Loweruka ndikamenya mpira ndiye usiku osagona. Indosidi ndi bufeni ndamwa wosawerengeka. Akazi anga akuti ndinaponda mankhwala, tipite akanditeme mphini. Kodi n'chiyani chimenechi, nanga ndichite bwanji poti njingayi ndiyo imadyetsa ana?"

Achimwene, pepani ndi phazilo. Ndiyambe ndi mphinizo, chifukwa pa zonse zimene mwalemba ndi zimene zingakugwetseni m'mavuto msanga. Alamu akulankhula chifukwa chokuderani nkhawa, koma lumo lisafike pansi pa phazi. Khungu la pamenepo limaponda dothi, matope ndi ndowe tsiku lonse, ndipo bala la pansi pa phazi limachedwa kupola. Ndinaonapo mnyamata wodula nzimbe amene anabwera phazi lili tibu, mafinya akutuluka m'mphini zitatu, mwanabele atatupa m'mphechepeche. Vuto limene anayamba nalo linali laling'ono ngati lanuli. Tinakhala milungu tikutsuka bala tisanayambe n'komwe kuthandiza chimene chinamupweteka poyamba.

Sindinaligwire phazi lanu, choncho mawu omaliza adzanena ndi amene adzakupimeni. Komabe zimene mwafotokozazi ndazimva kambirimbiri, ndipo zikuloza ku vuto limene m'mabuku a zachipatala amalitchula kuti sesamoiditis.

Khalani pansi, musanjike phazi pabondo, mukanikize ndi chala cha dzanja pamene pakupwetekapo. Kuseri kwa khungu lokhuthalalo ndi mafuta ake kuli timafupa tiwiri, kalikonse kukula ngati njere ya chimanga kapena kuposerapo pang'ono. Kamodzi kali m'mphepete, mbali yoyang'anana ndi phazi linzake, kena kali chamkati kufupi ndi chala chachiwiri. Timafupa timeneti sitinalumikizane ndi mafupa ena monga alili mafupa ambiri. Tinakwiririka m'misempha ya mnofu waufupi umene umapinditsa chala chachikulu kuloza pansi, ndipo timatsetsereka m'tingalande tiwiri kunsi kwa fupa lalitali limene limathera pachalacho. Madokotala akalekale olankhula Chigiriki anatiyerekeza ndi njere za chitowe, ndipo dzina loti sesamoid linachokera pamenepo. Ife akuchigwa amene chitowe timalima ndi kupeta tokha tikudziwa kuti anachepetsako, koma dzina linakhala lomwelo. Kafupa kozungulira ka pabondo, kaja kamagwedezeka mukawongola mwendo, ndi mtundu womwewu, kungoti ndiko kakakulu pa tonse.

Ntchito yake ndi iwiri. Timasenza thupi nthawi imene chidendene chanyamuka ndipo mwatsala pang'ono kuchotsa phazi pansi. Timawonjezeranso mphamvu ya chala chachikulu pokankha, chifukwa timanyamula mtsempha kuti usakoke utagona pafupa. Poyenda wamba timasenza kale gawo lalikulu la kulemera kwa munthu, ndipo pothamanga kapena podumpha katunduyo amaposa kulemera kwa thupi lonse. Kam'mphepete kaja ndiko kamalandira zambiri, n'chifukwa chake ndiko kamavulala kawirikawiri. Tikapanikizika mobwerezabwereza osapatsidwa mpata, timafupato ndi misempha yotizungulira zimatupa m'kati. Kunja simuona kanthu kwenikweni, mwina kutupa pang'ono basi, ndiye n'zosadabwitsa kuti kunyumba akuganiza zoti munaponda za anthu. Munthu amafuna aone bala kuti akhulupirire.

Tsono ndikufunseni funso limene ndimafunsa akabaza onse: pedulo yanu ya kumanja ili ndi mphira wake, kapena inatsala chitsulo chokha? Njinga zambiri zimene ndimaziona pa siteji, kaya pa Nchalo, pa Dyeratu kapena ku Bangula, mapedulo anathothoka kalekale, munthu n'kumaponda kachitsulo kopyapyala ngati chala atavala patapata. Kachitsulo kameneko kamagona ndendende pansi pa timafupa tiwiri tija. Pongoyenda makilomita ochepa phazi limakankha kokwana mazana ambiri. Muwerengere tsiku lonse, muwonjezepo matumba a makilogalamu 50 awiri kapena atatu pakaliyala, muwonjezenso kuimirira papedulo ponyamuka chifukwa njinga ilibe magiya. Pofika pamchenga mumatsika n'kumakankha njinga mutawerama, zidendene zili m'mwamba, thupi lonse lili pazala. Loweruka, m'malo moti phazi lipume, likukathamanga pabwalo louma gwa ngati njerwa. Phazi limeneli silinalodzedwe ayi, latopa.

Si akabaza okha. Amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi mtunda wautali, atsikana a mpira wamanja amene amatera ndi zala, onjuta tsiku lonse kudimba zala zitapindikira m'mwamba, a njinga zamoto amene amaliza injini pomenya ndi phazi, ngakhale amayi a muofesi okonda nsapato zazitali kuchidendene, onsewa amabwera akuloza malo omwewo. Anthu amene phazi lawo n'lokumbika kwambiri pakati ndiwo amavutika msanga, chifukwa kulemera konse kumagwera kuchidendene ndi kutsogolo.

Musanayambe kudzithandiza, tsimikizani kuti si matenda ena amene amakonda malo omwewa. Kanikizani pakafupa kam'mphepete kaja, kenako ndi dzanja linalo mukwezere chala chachikulu m'mwamba. Ngati ululu uli pamalo amodzi oti mukhoza kuwaphimba ndi nsonga ya chala, ndipo ukukula mukakweza chalacho, ndiye kuti tikulankhula chinthu chimodzi. Gauti, matenda ena otupitsa mfundo ya chala chomwechi, sachita choncho. Iye amabwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku, mfundo yonse ya chala n'kufiira, kutentha ndi kutupa moti ngakhale chitenje chikakhudza munthu amakuwa, kenako pakapita masiku amazilala. Amakonda anthu a mowa, kanyenya ndi zam'kati, komanso amene thupi lauma chifukwa chosamwa madzi, ndipo mankhwala ena monga HCT wa bipi ndi ena mwa a TB amatha kumudzutsa. Inu mwati m'mawa mumadzuka bwino ndipo ululu umakula ndi ntchito, zimenezo si khalidwe la gauti. Yang'ananinso khungu padzuwa: njerewere ya pansi pa phazi, chikundu chokhala ndi kamtima kolimba, thekenya kapena kansonga ka minga kotsalira, zonsezi zimaoneka kapena kumveka pakhungu penipenipo, pamene ululu wa timafupa uli m'kati.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kudikira ngakhale tsiku limodzi. Phazi likatupa n'kutentha, thupi n'kutenthanso, kapena mwanabele akatuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli ndi shuga, kapena phazi limachita dzanzi moti mukhoza kuponda moto osamva, musayese n'komwe zimene ndilembe m'munsimu musanapimidwe, chifukwa phazi losamva limachita chilonda pansi pa chilichonse chimene mwaika mu nsapato inu osadziwa. Ndipo wina amene ululu wake unayamba kamodzin'kamodzi, atadumpha kapena chala chitapindikira m'mwamba mwamphamvu pampira, phazi n'kuchita mikwingwirima yakuda, ameneyo akajambulitse, kafupa kangakhale katasweka kapena misempha itang'ambika.

Chithandizo chenicheni cha vuto lanuli sichili m'botolo. Ndi kuchotsa katundu patimafupa tiwirito kwa nthawi yokwanira kuti tichire. Timachedwa kuchira pa zifukwa ziwiri: timitsempha ta magazi topita kumeneko n'tochepa ndi tating'ono, ndiponso munthu sangayende osatiponda. Dzanja lopweteka mumalikoleka pansalu, koma phazi mumapita nalo ngakhale kuchimbudzi. Ndiye nzeru yonse yagona pa kupeza njira yoti muziponda pansi koma timafupato tisamaponde.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndikhalitsapo. Munthu akamva kupweteka amatenga thonje kapena siponji n'kuika pansi penipeni pa malo opwetekawo, poganiza kuti pafewe. Zotsatira zake malowo amatukuka kuposa ena onse, n'kukhala oyamba kugunda pansi, ululu n'kuwonjezeka. Chofunika n'chosiyana ndi chimenecho: mukweze malo ozungulira, pamalo opwetekawo pakhale dzenje. Ganizirani nkhata imene amayi amaika pamutu posenza mtsuko. Mtsuko umakhala pankhata, pakati pa mutu pali mpata.

Kapangidwe kake n'kosavuta, ndipo zipangizo muli nazo. Pezani patapata wakale wofewa, mumusenge kapena kumudula kuti atsale wokhuthala mamilimita 5 kapena 6, pafupifupi theka la kukhuthala kwa chala chanu chaching'ono. Pakani kadontho ka inki kapena mwaye wosakaniza ndi mafuta pamalo opwetekawo, muvale nsapato, muimirire, kadonthoko kadinde m'kati mwa nsapato. Dulani chidutswa chokwana kuyambira pakati pa phazi kufika pamene zala zinayi zija zimayambira, ndipo mbali ya chala chachikulu mudulepo kakhonde kooneka ngati chilembo cha U, kokula pang'ono kuposa kadontho kaja, kotseguka chakutsogolo ndi m'mphepete. Musenge m'mbali monse kuti musakhale potukuka mwadzidzidzi, kenako mumate ndi guluu wa nsapato. Mukaimirira muzimva kuti mphira wagwira kumbuyo ndi pambali pa malo opweteka, koma malowo akulendewera. Mukamva kuti m'mphepete mwa kakhondeko mukudinda pakafupa, ndiye kuti mphira wapita patsogolo kwambiri, matulani mubwezere m'mbuyo pang'ono. Osoka nsapato pamsika akhoza kukuchitirani zimenezi mwaukhondo mukawafotokozera. Mphirayu amaphwatalala ndi kuponda, choncho pakatha milungu itatu kapena inayi muikemo wina.

Nsapato yake isakhale iliyonse. Mukapita pakaunjika, igwireni kuchidendene ndi kumphuno muyese kuipinda. Ikapindika mosavuta ngati tsamba la nthochi, isiyeni, chifukwa idzalola chala chachikulu kupindikira m'mwamba pa phazi lililonse limene mwaponya, ndipo kupindikako ndiko kumakoka timafupato n'kutikanikizira kufupa la pamwamba pake. Mufune ya soli yolimba ndi yokhuthala, yosakwera kuchidendene, yotakasuka kuzala kuti mphira uja akwanemo. Nsapato zokwerera mapiri ndi jombo zogwirira ntchito zimachita bwino. Ngati ndalama sizikulola, osoka nsapato amatha kumata chidutswa cha tayala pansi pa imene muli nayo kuti iume. Ndikudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukadutsa madigiri 40, nsapato yotseka imakhala ngati ng'anjo, ndipo patapata amakoma. Komabe kwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi patapata ndi kuyenda chapansi muziiwale, ngakhale pakhomo. Nkhwayira za tayala zokhala ndi lamba kuchidendene n'zabwinoko kuposa patapata, ndipo mphira wa kakhonde uja akhoza kumatidwa pamenepo.

Chachitatu ndi kumanga chala kuti chisamakwere. Gulani pulasitala womata wa nsalu ku famase. Zungulizani kamodzi patsinde la chala chachikulu, kamodzinso pakati pa phazi, mosathina. Kenako chala chili chowongoka kapena choweramira pansi pang'ono, matani timizere titatu kapena tinayi kunsi kwa phazi kuchokera pachala kufika palamba wa pakatiyo, n'kutsekanso nsonga zake. Mukayesa kukweza chala muzimva pulasitala akukana. Chala chikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, mwathinitsa, masulani. Ndi thukuta la kwathu kuno pulasitala sakhalitsa, ndiye muzimata m'mawa pakhungu louma, madzulo n'kuchotsa kuti khungu lipume.

Madzulo mukaweruka, ziziritsani malowo. Ayezi, kapena mafirizesi awiri ngati ayezi palibe, muwakulunge m'kansalu muike kwa mphindi 10 mpaka 15, phazi lili pampando. Madzi a mumtsuko m'beseni amathandizanso. Kuthowa ndi madzi otentha phazi litangochoka pantchito kumawonjezera kutupa, ndipo kukoka chala kuti chilire kapena kutikita mwamphamvu pakafupapo n'kuputa ululu chabe. Chimene mungatikite ndi katumba. Katumba akakhala womangika amakakamiza chidendene kunyamuka msanga poyenda, katundu n'kuthamangira kutsogolo kwa phazi, ndipo akabaza ambiri akatumba awo ndi miyala. Mutavala nsapato, gwirani khoma, mwendo wodwalawo uli kumbuyo, bondo lowongoka, chidendene chili pansi, muweramire kukhoma mpaka mumve kukoka kwa masekondi 30. Katatu m'mawa, katatu madzulo.

Za mapiritsi ndilankhule mosabisa, chifukwa mawu anu oti "wosawerengeka" andidetsa nkhawa kuposa phazilo. Indosidi ndi bufeni ndi a banja limodzi, pamodzi ndi diclofenac ndi asipulini. Kumwa awiri nthawi imodzi sikuchiritsa kawiri, kumangowonjezera chiopsezo cha zilonda za m'mimba ndi kuwonongeka kwa impso. Impso za munthu wogwira ntchito yakalavulagaga padzuwa la kuchigwa, thukuta lili kamukamu, madzi akumwa mwa apo ndi apo, zimakhala zili kale pampanipani, ndipo mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita kuimpsozo. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, amene ali ndi bipi, shuga, mphumu kapena zilonda za m'mimba, ndi amayi oyembekezera, asamamwe popanda kuuzidwa ndi achipatala. Choipa china n'chakuti amagonetsa ululu inu n'kumapondabe mwamphamvu pakafupa kovulala. Patatha miyezi itatu, ine ndikuti asiyeni. Ululu ukavuta imwani panado, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku, ndipo payenera kudutsa maola osachepera anayi musanamwenso. Mankhwala opaka a diclofenac ndi ofatsirapo kuposa akumwa. Ngati munaonapo chimbudzi chakuda ngati phula, kapena mukumva kuwotcha pachifuwa ndi pamchombo, kapena mapazi onse akutupa, mukanene kuchipatala ngakhale phazi litakhala kuti lapola. Ndipo botolo la madzi lizikhala panjinga.

Tibwere ku funso lanu lenileni, la ana. Buku limati wodwala apume milungu ingapo. Amene analemba bukulo sankadya za tsiku lomwelo. Komabe sindikunamizani kuti mukhoza kuchira mukugwira ntchito monga kale. Chimene ndimapangana ndi akabaza anzanu ndi ichi. Milungu iwiri yoyamba, ngati n'kotheka mwanjira iliyonse, njinga ibwerekedwe kwa mng'ono wanu kapena mnzanu wokhulupirika muzigawana za tsikulo. Ndi milungu iwiri imeneyi imene imazimitsa moto. Mukabwerera, kapena ngati kupuma kwakanikiratu, yambani mwagula mapedulo atsopano otambalala.  Sinthani kapondedwe: phazi lipite patsogolo kuti pedulo ikhale pakati pa phazi, pokumbika paja, osati pansi pa zala. Masiku oyamba zimamveka zachilendo ndipo liwiro limatsika pang'ono, koma timafupato timakhala kunja kwa ntchito. Tsitsaniko chishalo pang'ono, chifukwa chikakwera kwambiri munthu amafikira pedulo ndi nsonga za zala. Ponyamuka muzikankha ndi mwendo wamanzere, ndipo musaimirire papedulo.

Sankhaninso maulendo. Mwayi wanu ndi woti msewu wa M1 pa Nchalo ndi wathyathyathya, simuli ngati anzanu a kumtunda amene amalimbana ndi zitunda tsiku lonse. Kwa mwezi umodzi tengani anthu a patala ndi m'misewu youma, matumba, makala ndi njira zamchenga zopita kumadimba muwasiyire ena. Ndi bwino kugwira m'mawa ndi chakumadzulo, masana phazi lili m'mwamba pamthunzi. Ndalama zichepa ndithu, koma zichepa kwa mwezi umodzi, pamene kafupa kakasweka mudzakhala m'chikhakha mwezi ndi theka kapena iwiri osapeza ngakhale tambala.

Mpira wokha ndiye ayi. Pamenepa sindinyengerera. Milungu 6 yathunthu osathamanga, osadumpha, ngakhale timu itasowa munthu. Nsapato za mpira n'zoipa kwambiri pa vutoli, chifukwa zambiri zili ndi chitsotso pansi penipeni pa timafupa tija.

Muyezo woti muzidziyeza nawo ndi wa m'mawa. Ngati mwagwira ntchito lero, mawa n'kudzuka ululu uli chimodzimodzi kapena wochepa, mulingo umenewo phazi laulola. Ngati mwadzuka ukuposa dzulo, munapyola, bwererani m'mbuyo masiku awiri. Amene abwera msanga amapeza bwino pa milungu iwiri mpaka 6. Inu mwayenda nalo miyezi itatu, ndiye musadabwe zikakutengerani miyezi itatu ina, mwinanso kuposerapo, kuti muiwaliretu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Msampha umene umagwira ambiri uli pa mlungu wachitatu: ululu wazilala, munthu wataya mphira uja, wabwerera ku patapata ndi matumba, pakutha pa mwezi ali pomwe anayambira. Ululu umatha kafupa kasanalimbe. Mukatha kukanikiza pamalopo osamva kanthu, n'kuyenda tsiku lonse bwinobwino kwa milungu iwiri, yambani kulimbitsa: kukanikiza chala chachikulu pansi mutakhala, kusonkhanitsa kansalu ndi zala, kenako kunyamuka pazala mapazi onse awiri mutagwira khoma. Kuthamanga kubwere pambuyo pa zonsezi, pang'onopang'ono, pabwalo lofewa, mphira ali mu nsapato.

Popeza papita kale miyezi itatu, ine ndingakonde kuti mukaonedwe tsopano, osadikira kuti zimene ndalembazi zikanike. Kafupa kopanikizika nthawi yaitali kamatha kuchita mng'alu pang'onopang'ono popanda kugwa kulikonse, ndipo nthawi zina magazi amasiya kufikako, kafupa n'kuyamba kufa ndi kunyenyeka. Ululu wosagonetsa usiku umene mwatchula ndi chifukwa chokwanira chojambulira. Muli pafupi ndi chipatala cha St Montfort pa Nchalo pomwepo, ndipo zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje zili ndi madokotala a mafupa. Funsani kuti muonane ndi a mafupawo. Pojambula, kuwonjezera pa zithunzi za masiku onse, pali kajambulidwe kena kamene chala amachikwezera m'mwamba kuti timafupa tiwirito tioneke patokha kunsi kwa fupa lalikulu.

Pemphani kuti ngati n'kotheka ajambule mapazi onse awiri, ndipo ndikuuzani chifukwa chake ndi manyazi anga omwe. Anthu ena amabadwa kafupa kam'mphepete kaja kali kogawika pawiri, ndipo amakhala nako moyo wonse osadziwa. Pa X-ray kamaoneka ngati kosweka. Ndili wongoyamba kumene ntchito ndinaona chithunzi chotero, ndinamuika mayi wina m'chikhakha milungu 6 nthawi yokolola thonje. Atabwera kudzachotsa, mkulu wina amene ankandiphunzitsa anayang'ana chithunzicho n'kundifunsa ngati ndinaona kuti m'mphepete mwa zidutswazo ndi mosalala ndi mozungulira. Kafupa kosweka kamakhala ndi mano, zidutswa zake zimaoneka kuti zikhoza kulumikizana ngati mbale yosweka. Tinajambula phazi linalo, nalonso linali logawika chimodzimodzi. Mayiyo anachira, poti kupuma kunamuthandiza, koma thonje lake anakolola ndi ena. Si onse amene kugawikaku kumakhala mapazi onse awiri, koma kukapezeka kwinako nkhani imaphweka.

Akapeza mng'alu weniweni, chikhakha kapena nsapato yolimba yapadera pamodzi ndi ndodo kwa milungu 6 mpaka 8 ndiyo njira, ndipo nthawi zina imatalikirapo chifukwa cha kuchepa kwa magazi kuja. Akapanda kupeza kanthu, musakhumudwe kuti mwapita pachabe: kutupa kwa misempha sikuoneka pa X-ray, ndipo mng'alu waung'ono umatha kubisala pachithunzi choyamba. Zikakakamira, amakutumizani ku Queens ku Blantyre kumene kuli akatswiri a mafupa ndi njira zina zojambulira.

Mudzamva za jakisoni wobaya pamalo pomwepo. Alipo, ndi wa mankhwala a steroid, ndipo amazimitsa kutupa kwa kanthawi. Ine ndimamusunga kumapeto, ndipo sindibaya ndisanatsimikize kuti palibe mng'alu kapena mafinya. Kubwereza jakisoni ameneyu kumafooketsa misempha ndi kusungunula mafuta a pansi pa phazi, amene ndi khushoni yokhayo imene timafupato tili nayo. Woyenda ndi chikwama m'mudzi asakubayeni pamenepo zivute zitani.

Opaleshoni yochotsa kafupa iliponso, koma ndi ya anthu ochepa amene ayesa zonse moona mtima kwa miyezi 6 kapena chaka osasintha. Ena amaganiza kuti poti n'kakang'ono, kungochotsa basi nkhani yatha. Timafupa tiwirito timagwira chala mbali ndi mbali ngati zingwe ziwiri za ng'ombe pangolo. Mukachotsa kam'mphepete chala chimatha kupendekera kwa zinzake, mukachotsa kamkati chimatha kuthawira kunja, ndipo kuchotsa tonse tiwiri kumasiya chala chopindikira m'mwamba chopanda mphamvu yokankhira. Kwa munthu wodya za mwendo ngati inu, imeneyo si nkhani yothamangira.

Popita kuchipatala mutenge buku lanu la kuchipatala, mapaketi onse a mankhwala amene mwakhala mukumwa, ndi nsapato kapena patapata amene mumapalasira, chifukwa mmene anathera pansi zimatiuza mmene mumapondera. Muwauze kuchuluka kwa indosidi ndi bufeni kumene mwamwa, osachepetsa, kuti aone ngati n'koyenera kuyeza bipi, mkodzo ndi impso. Alamu apite nawo, adzionere okha timafupato pachithunzi. Ndipo ulendo umenewo musapalase nokha, akunyamuleni mnzanu wa pa siteji.